Mphunzitsi wa ku Chapotera

Okutobala akamapita kumapeto, minda itasosedwa ndipo maso a aliyense ali kumitambo, dayosizi yathu ya Tete imakumbukira ansembe awiri a chipani cha Ajezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, amene anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi m'boma la Angónia, usiku wa pa 30 Okutobala 1985. Za imfa yawo timamva chaka ndi chaka, ndipo n'koyenera kutero. Komatu imfa yoopsa imaphimba moyo wa mwini wake: anthu amasunga usiku umodzi, naiwala zaka 55 za usana. Chaka chino tafuna kukumbukira Bambo Kamtedza pa ntchito ina imene simatchulidwa kawirikawiri pa guwa. Iwo anali mphunzitsi wa chilankhulo chachilendo, ndipo chilankhulo chachilendocho chinali Chinyanja chathu chomwechi.

Wina aseka, nati Chinyanja chingakhale bwanji chachilendo. Kwa ife ayi. Koma kwa mnyamata wa ku Portugal amene watsika sitima ku Beira, nakwera mapiri a Tete ndi buku la mapemphero m'thumba, chinali chachilendo kuposa Chilatini chimene anachivutikira ku seminale. Ife tinazolowera kuganiza kuti pa nkhani ya zilankhulo malo athu ndi pansi, pamphasa ya ophunzira, ndipo mpando wa mphunzitsi ndi wa mlendo. Bambo Kamtedza anakhala pamphasapo zaka zambiri, naphunzira cha alendo mpaka kuchidziwa mizu yake. Atatero anatembenuka, nakhazika alendowo pamphasa.

Ambiri a ife kuno ku Chifunde sitinawaone ndi maso. Pakati pa ife ndi Angónia pali boma lonse la Macanga, ndipo m'zaka zimenezo munthu sankayenda mtunda wotere popanda chifukwa chachikulu. Dzina lawo linatifika m'njira yowawa. Nkhondo itabalalitsa midzi, ena a ife tinawoloka kulowa m'Zambia, mpaka ku Ukwimi m'boma la Petauke, kumene kunatsegulidwa malo a othawa nkhondo mu 1987. Ena tinalowera ku Malawi, dziko limene linasunga anthu a Mozambique oposa 1,000,000. Kumeneko tinapemphera pansi pa mtengo umodzi ndi akhristu a ku Angónia ndi Tsangano, ndipo madzulo, nkhani za kumudzi zikayamba, mayina awiri aja ankatuluka. Timawatcha aphunzitsi athu monga momwe mwana amatchera agogo amene anamwalira iye asanabadwe, komabe akudya mango a mtengo umene iwo anadzala.

Kuti timvetse kulemera kwa ntchito yawo, tikumbukire sukulu imene makolo athu anaidziwa. Mu 1940 boma la Portugal linapangana ndi Roma za mamisiyoni, ndipo maphunziro a ana achikuda anaikidwa m'manja mwa Mpingo. Panganolo linati m'sukulu zimenezi kuphunzitsa Chipwitikizi n'kokakamiza. Chilankhulo cha eni dziko chinaloledwa pophunzitsa za chipembedzo. Tsono mwana ankakhala ndi malilime awiri osalingana ulemu: lina la kuwerenga, masamu ndi mayeso, lina la katekisimu ndi kukhitchini. Lamulo la 1954 linanenanso poyera kuti munthu wakuda wofuna kuwerengedwa nzika ayenera, mwa zina, kulankhula Chipwitikizi bwino. Lamulolo linathetsedwa mu 1961, koma chimene linadzala m'mitima sichinazuke chaka chomwecho. Achikulire athu amakumbukirabe mbalamatodya, kathabwa kamabowo kaja kotupitsa zikhatho, ndipo ena amati anakalawa chifukwa chongoitana mnzawo m'chilankhulo cha mayi awo pabwalo la sukulu. Tisanamizane: Mpingo wathu unali m'kati mwa dongosolo limenelo, ndipo manja ena ogwira mbalamatodya anali omwewo otsogolera kolona madzulo.

M'dziko lotero ndimo munabadwira João de Deus Gonçalves Kamtedza, pa 8 Malichi 1930, kumapiri a Angónia. Analowa m'chipani cha Ajezuwiti mu 1951, mmodzi mwa ana oyamba a dziko lino kutero, naphunzira ku Portugal ndi ku Spain. Taganizani za mnyamata woweta ng'ombe wa kumapiri kuno atakhala m'kalasi momwe za nzeru zakuya zikuphunzitsidwa m'Chilatini, chakudya chikupemphedwa m'Chipwitikizi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti wadzuka bwanji m'mawu amene anayamwira. Ambiri opita kutali chotero amabwerako lilime litauma. Timawadziwa: afika pamaliro a amalume awo, nalankhula ngati wailesi ya ku Maputo, anamfedwa n'kumangoyang'anana. Bambo Kamtedza anabwerera kwawo, nadzozedwa unsembe ku Lifidzi pa 15 Ogasiti 1964, pamaso pa anthu a mtundu wawo.

M'zaka zomwezo ku Lisbon kunasindikizidwa mabuku atatu m'dzina la amisiyoni a Chijezuwiti. Mu 1963 kunatuluka Dicionário Cinyanja-Português, buku lomasulira mawu athu m'Chipwitikizi. Mu 1964 kunatuluka linzake lotembenuza, Dicionário Português-Cinyanja, pamodzi ndi Elementos de Gramática Cinyanja, buku lofotokoza malamulo a chilankhulo, limene akatswiri amalitchula ndi dzina la Kamtedza. Onani zaka zimenezo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu Seputembala 1964. Dziko likukonzekera mfuti, mwana wa Angónia anali ataweramira mapepala, kufotokozera Apwitikizi, m'Chipwitikizi chawo, kuti chimene anthu akuda amalankhula kuseri kwa nyumba chili ndi malamulo, chili ndi dongosolo, ndipo wofuna kuchidziwa ayenera kukhetsa thukuta monga momwe ife tinakhetsera pa chawo.

Ife eni ake sitiona malamulowo, monga nsomba siona madzi. Koma tayesani kufotokozera mlendo chifukwa chake timati mwana wanga wagwa, chitseko changa chagwa, mbuzi yanga yagwa, kambuzi kanga kagwa. Iye kwawo anazolowera kugawa zinthu zonse pawiri, zachimuna ndi zachikazi, kotero kuti tebulo ndi lalikazi ndipo buku ndi lalimuna, chinthu chimene chinatiseketsa tili ana ndipo chimatipunthwitsabe. Kuno apeza mayina ali m'mabanja ambirimbiri, ndipo mutu wa banja ukalankhula, mawu onse otsatira amavomera ndi liwu lomwelo. Apeza kuti pa, ku ndi mu si timawu tongoponya: panyumba, kunyumba ndi m'nyumba ndi malo atatu osiyana, ndipo mkamwini amadziwa bwino kusiyana kwake. Apeza kampweya kamene khutu lake silinakamvepo, kosiyanitsa kama ndi khama, pala ndi phala. Akamati wagwira, apeza kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, ndipo chosiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la m'maso. Mlaliki wosamva kusiyana kumeneku akhoza kusokoneza nkhani yonse ya Bartimeyo, akhristu n'kumatsinana m'mabenchi.

Ndipo pali ulemu. Mlendo aliyense amaphunzira iwe asanaphunzire inu, pakuti iwe ndi wosavuta. Koma wansembe wa zaka 28 amene auza gogo wa imvi kuti iwe bwera, wataya gogoyo asanayambe n'komwe kumuphunzitsa. Gogo sadzamudzudzula. Adzagwada, adzawomba m'manja, ndipo Lamulungu lotsatira mpando wake udzakhala wopanda munthu. Wophunzitsa mlendo chilankhulo chathu amamuphunzitsanso kugwada, kudikira kuti apatsidwe malonje, kusatchula munthu wamkulu dzina lake lokha lopanda a kutsogolo. Galamala ya Chinyanja ndi mwambo wolembedwa papepala.

Pa zonsezi ife timakonda kwambiri kamphindi kamodzi ka mneni. Timati kuphika, kenaka kuphikira, kuphikitsa, kuphikidwa, kuphikirana. Muzu ndi umodzi, koma timawu tating'ono tolowa pakati timanena amene wachita, amene wachitiridwa, ndi amene wapindula. Tsono tengani kufa. Lowetsani er pakati, mupeza kufera. Chipwitikizi chimafuna mawu atatu kuti chinene zimene Khristu anachita pa mtanda chifukwa cha ife. Chinyanja chimanena ndi liwu limodzi, anatifera, ndipo ife tili m'kati mwenimweni mwa liwulo, pakati pa wochita ndi ntchito yake. Mwana wa katekisimu amene wamva liwu limeneli wamva chiphunzitso cha chipulumutso, ngakhale sanaone khomo la seminale. Munthu wodziwa kuti chilankhulo cha kwawo chili ndi chuma chotere sangachite nacho manyazi, ndipo sangalole kuti Uthenga Wabwino uzifika kwa anthu ake ngati katundu womata amene palibe wamutsegula.

Tipatuke pang'ono. Bambo Kamtedza sanali munthu woyamba wa mtundu wathu kuphunzitsa mzungu chilankhulo ichi. Cha m'ma 1853, kufupi ndi Mombasa ku Kenya, mmisiyoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, anakumana ndi kapolo wotchedwa Salimini, amene anagwidwa m'dera la Lilongwe nagulitsidwa kunyanja yamchere. Kuchokera m'kamwa mwa kapoloyo Rebmann anatola mawu amene anasindikizidwa mu 1877 monga buku lomasulira Kiniassa. Pachikuto panalembedwa dzina la Rebmann. Ku Blantyre, David Clement Scott anatulutsa buku lake lalikulu la Chimang'anja mu 1892, ndipo kuno ku Zambezi wansembe wa Chijezuwiti, Victor Courtois, anachita chimodzimodzi ndi Chinyungwe. Sitikuwachepsa anthu amenewa. Anagwira ntchito yolemetsa, ndipo popanda iwo zambiri zikanatayika. Koma kuseri kwa buku lililonse lotere kunali munthu wakuda atakhala pansi, akubwereza liwu kasanu mpaka mlendo alimve, ndipo kawirikawiri dzina lake silinafike pachikuto. Pa Kamtedza, mwini chilankhulo anagwira cholembera yekha.

Nthawi yake inalinso yoikika. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatikano unatulutsa chikalata chake cha za mapemphero, chimene chinatsegula khomo kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu. Makolo athu, amene anazolowera kuona msana wa wansembe ndi kumva Chilatini, anayamba kumva mawu a pa guwa m'chilankhulo chimene amakambira za mvula. Pamenepo funso la mawu linasanduka funso la chikhulupiriro. Liwu lililonse limene timapempherera lero linachita kusankhidwa, ndipo osankhawo anatenga mawu amene anali kale ndi ntchito m'mudzi. Nsembe inali ufa ndi mowa zothiridwa patsinde pa mtengo chilala chikavuta. Lero timatchula nalo chimene chimachitika pa guwa, ndipo woimirira pamenepo ndi wansembe. Mzimu unali wa agogo amene anatisiya. Lero timati Mzimu Woyera. Ambuye kwathu kuno ndi liwu la pabanja, loitanira wamkulu amene tili m'manja mwake, ndipo ndi lomwelo timaitanira Yesu. Ife Akatolika timati chaulere pamene abale athu a mipingo ina amati chisomo, ndipo onse awiri akuyesa kugwira chinthu chimodzi: mphatso imene sunaigwirire ntchito. Kusankha kotere kumafuna munthu wodziwa mbali zonse ziwiri. Wodziwa za Mulungu zokha adzasankha liwu loyera koma lakufa, losagunda mtima wa munthu. Wodziwa za mudzi zokha adzasankha liwu lamoyo koma losokeretsa.

Pena chilankhulo chathu chimamasula mfundo imene azungu amaivutikira. Uthenga Wabwino umatchula abale a Yesu, ndipo kumaiko kumene m'bale ndi wobadwa naye mimba imodzi basi, anthu atsutsana zaka mazanamazana za unamwali wa Amayi Maria. Kwathu mwana wa bambo aang'ono ndi m'bale, mwana wa mayi aakulu ndi m'bale, ndipo palibe amene amafunsa. Chipwitikizi chimaunjika amalume ndi bambo aang'ono m'liwu limodzi, tio, pamene Mchewa aliyense amadziwa kuti pa mlandu wa mwana woimirira ndi malume. Chilankhulo chilichonse chimaona bwino pena, n'kuchita chidima pena. Wodziwa ziwiri ali ngati munthu wa maso awiri.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Boma latsopano linasankha Chipwitikizi kukhala chilankhulo chogwirizanitsa dziko, ndipo chifukwa chake chinali chomveka, pakuti kuchokera ku Rovuma kufika ku Maputo kuli zilankhulo zambiri, ndipo kukweza chimodzi kukanakhala kuputa zinzake. Koma zotsatira zake m'mudzi zinali zoti Chinyanja chinakhalabe kunja kwa kalasi. Pa 24 Julayi chaka chomwecho sukulu ndi zipatala za mamisiyoni zinatengedwa ndi boma. Ansembe ambiri anachoka, matchalitchi ena anatsekedwa. Mu 1977 Mpingo wa dziko lonse unasonkhana ku Beira, nugwirizana kuti moyo wake ukhale m'timagulu ta akhristu a m'midzi, totsogozedwa ndi anthu wamba: wina wa Mawu, wina wa maliro, wina wa odwala, wina wa katekisimu. Tsono funsani kuti timagulu timeneti tinkapemphera m'chilankhulo chanji, kumene wansembe sanapondeko zaka zisanu kapena khumi. Mpingo unapulumuka m'dera lino chifukwa chikhulupiriro chinali chitalowa kale m'Chinyanja, ndipo munthu akanatha kuthawa nacho usiku, mwana kumsana, popanda kunyamula buku. Bambo Kamtedza anathera zaka zawo za unsembe m'mamisiyoni a kumapiri komweko, pakati pa akatekisti ndi atsogoleri a timagulu timeneti, anthu amene anadzanyamula Mpingo pamutu nyumba za ansembe zitatsala mabwinja.

Ajezuwiti atachoka m'nyumba za misiyoni yakale ya Lifidzi anakakhala ku Chapotera, pakati pa anthu. Kumeneko ndiko Bambo Kamtedza anadzakhala pamodzi ndi Bambo Sílvio. Awa anabadwa mu 1941 ku Rio Meão, kumpoto kwa Portugal, anayamba kudziwa dziko lino akuphunzitsa ku seminale ya Zóbuè asanadzozedwe, ndipo analandira unsembe mu 1972. Anali ndi njira yobwerera kwawo monga anachitira ambiri, koma anatsala. M'nyumba imodzi munali tsono anthu awiri amene aliyense anawoloka kulowa m'chilankhulo cha mnzake: Mnyanja wodziwa Chipwitikizi, ndi Mpwitikizi wotumikira anthu amene machimo awo, maloto awo ndi madandaulo awo ankawanena m'Chinyanja. Wansembe sangamve kulapa kudzera mwa womasulira. Bambo Sílvio anayenera kukhala pamphasa, ali ndi madigiri awo, kuti gogo wa ku Chapotera athe kuwanong'oneza zimene sakanauza munthu wina aliyense.

Ndipo kumva kumeneko n'kumene kunali koopsa m'chaka cha 1985. Angónia inali pakati pa moto. Anthu ankagwidwa, ena osabweranso, ndipo mudzi unkaopa ngakhale kulira maliro mokweza. Mlendo wosamva chilankhulo akhoza kudutsa pakati pa zoterezi osadziwa kanthu, pakuti womasulira wamantha amasefa mawu. Ansembe awiriwa ankamva zonse, kuchokera m'kamwa mwa eni ake, ndipo anali ndi chilankhulo china chonenera zimene amvazo kwa anthu a maudindo. Munthu wotere amasowetsa tulo aliyense wochita zoipa mumdima. Usiku wa pa 30 Okutobala anthu a zida anafika panyumba, nawatulutsa. Matupi awo anapezeka pa 4 Novembala, osati kutali ndi nyumbayo, ndipo anaikidwa m'manda ku Vila Ulongwe. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, patapita zaka pafupifupi 7.

Tsopano tibwere pakhomo pathu, pakuti sitikukumbukira munthuyu kuti tingomva chisoni. Ana a Chifunde akukulira pamphambano ya zilankhulo. Kusukulu ndi ku ofesi ya boma kuli Chipwitikizi. Kuwoloka pa Cassacatiza kulowa m'Zambia, kapena kupita kumsika wa ku Malawi, zolembedwa zili m'Chingerezi. Ena a ife amene tinakulira ku Ukwimi tinayamba kuwerenga m'Chingerezi, n'kudzabwerera kwathu ngati alendo pamaso pa mapepala a dziko lathu lomwe. Tikufuna kunena momveka: ana athu aphunzire Chipwitikizi, ndipo achiphunzire kwambiri. Mlimi wa fodya amene sangawerenge pepala la ngongole ya feteleza amasaina chimene sakuchidziwa, ndipo tsiku logulitsa amabwerera kunyumba ndi matumba opanda kanthu, osadziwa pomwe ndalama zalowera. Mayi amene sangamve zimene zalembedwa pa botolo la mankhwala ali pangozi pamodzi ndi mwana wake. Bambo Kamtedza sakanatiuza kuti tithawe chilankhulo cha alendo, pakuti iwo anachiphunzira kuposa alendo ambiri.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi china. M'makomo ena, makamaka pafupi ndi misika ndi maofesi, makolo ayamba kuletsa ana kulankhula Chinyanja, poganiza kuti potero Chipwitikizi chidzalowa msanga. Makolowo eni ake Chipwitikizi chawo ndi chapamsika, ndiye mwana amakula ndi theka la ichi ndi theka la icho. Taona m'makalasi a katekisimu ana oloweza mayankho onse m'Chipwitikizi, osaphonya ndi liwu limodzi, koma ukawafunsa kuti tsono zimenezi zikutanthauza chiyani, amayang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala chakuphazi. Taonanso agogo atakhala pakhonde ndi adzukulu awo madzulo, kolona m'manja, wina akuyamba m'chilankhulo china, winayo akuyankha m'china, mpaka pemphero kutha mwamanyazi. Mbalamatodya inapita kalekale, koma ena a ife taisunga m'kamwa, ndipo tikumenya nayo ana athu omwe.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhaniyi boma latsogola, makolo n'kutsalira. Kuyambira 1993 mpaka 1997 kunayesedwa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'zigawo ziwiri zokha za dziko lino, Gaza ndi Tete, ndipo kuno chilankhulo chosankhidwa chinali Chinyanja. Kuyambira 2003 njira imeneyi inalowa m'sukulu zina za boma: mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo, Chipwitikizi chikulowa pang'onopang'ono mpaka kutenga malo aakulu m'makalasi apamwamba. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma, komanso amati zilankhulo za makolo ndi chuma choyenera kutukulidwa. Mavuto alipo, mabuku ndi ochepa ndipo aphunzitsi ena amatumizidwa kuno osadziwa chilankhulo cha ana. Komabe nzeru yake ndi yoona, ndipo mlimi aliyense amaidziwa: mbande imayamba pa nazale, mizu ikagwira ndiye n'kuiwokera kumunda. Mwana amene wazindikira m'chilankhulo chake kuti zilembo zimanyamula mawu sadzafunika kuzindikiranso kachiwiri. Kaya alembe Cinyanja ndi c yokha monga mabuku a sukulu za kuno, kaya Chinyanja ndi ch monga mabuku a mapemphero ochokera ku Malawi, zimenezo zisatigawe; pakamwa n'chimodzi.

M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 2, Mzimu Woyera sanaphunzitse khamu lija chilankhulo chimodzi chopatulika kuti onse amve atumwi. Amene anasinthidwa lilime ndi atumwiwo, ndipo mlendo aliyense mu Yerusalemu anamva za Mulungu m'chilankhulo chimene anabadwa nacho. Wolemetsedwa ndi wotumidwa, osati wolandira. N'chifukwa chake timati buku la galamala la 1964 lija linali ntchito ya utumwi, ngakhale mulibe ulaliki m'kati mwake. Ndipo lamulo lomwelo likutigwira ifenso. Namwino kapena mphunzitsi wochokera ku Nampula kapena ku Inhambane akafika m'mudzi mwathu, n'kuyesa kupereka moni m'Chinyanja chopotoka, ana amaseka ndipo akulu amamuyankha m'Chipwitikizi kuti nkhani ithe msanga. Pamenepo tamutsekera khomo limene anagogoda. Pafunika wina womubwerezera liwulo kasanu, monga anachitira Salimini, mpaka kampweya ka khama kamveke.

Mu 2021 Ambuye Diamantino Antunes, episkopi wa Tete, anatsegula kafukufuku wa Mpingo pa moyo ndi imfa ya ansembe awiriwa, ndipo kuyambira pamenepo amatchedwa Atumiki a Mulungu. Kafukufuku wotere ndi wautali. Amasonkhanitsa makalata, amafunsa mboni molumbira, namanga zonse m'mabokosi opita ku Roma, kumene akatswiri amaziwerenga zaka zambiri Papa asanagamule. Ambiri mwa amene anaona masiku amenewo ndi nkhalamba za m'midzi yozungulira Lifidzi, ndipo zimene anaona amazikumbukira m'Chinyanja. Kuti mawu awo amveke ku Roma, pakati payenera kukhala munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, wosachotsa ndi wosawonjeza. Funso limene akatswiriwo ayenera kuyankha ndi limodzi: kodi ansembe awiriwa anangofa, monga anafera anthu miyandamiyanda m'nkhondo ija, kapena anafera chikhulupiriro? Tikudikira yankho, ndipo pa 30 Okutobala mayina awo adzatchulidwa m'mapemphero a timagulu tathu, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku Nsadzu.